Msika wa osewera: mafunso ndi mayankho kwa ochemerera mpira a mu Harare

Juni akangofika, nkhani m'makombi a ku Mufakose ndi ku Mabvuku, pa mashopu a ku Machipisa ndiponso m'magulu a WhatsApp imakhala imodzi: timu yathu igula ndani? Mafunso ali m'munsiwa ndi amene abale athu olankhula Chichewa muno mu Harare amafunsa kawirikawiri, kaya ndi a DeMbare, a Makepekepe, kapena amene mtima wawo uli ku Arsenal, Liverpool, Chelsea ndi Manchester United. Tawayankha potsata mmene msikawu umayendera, kuti mukamva mphekesera muzitha kuona nokha pamene nkhaniyo yafika.

Kodi msika umatsegulidwa liti, nanga umatsekedwa liti?

FIFA imalola dziko lililonse kutsegula msika kawiri pa sizoni. Msika waukulu umatenga masabata 8 mpaka 12, wa pakati pa sizoni masabata 4 mpaka 8, ndipo yonse iwiri isapitirire masabata 16. Ku England msika waukulu umayamba mu Juni n'kutsekedwa kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala. Kwa iwo imeneyo ndi nyengo yotentha, pamene ife kuno tili m'majuzi. Wachiwiri umakhala mu Januwale.

Musasokoneze nthawi. Pa msika waukulu, Harare amakhala patsogolo pa London ndi ola limodzi. Mu Januwale amakhala patsogolo ndi maola awiri. Msika wa 2025 unatsekedwa 7 koloko madzulo ku England pa 1 Seputembala, kuno inali 8 koloko usiku.

Ligi ya Castle Lager ya kuno imayamba cha mu Malichi n'kutha cha mu Novembala, choncho kugula kwakukulu kwa Dynamos, CAPS United ndi Highlanders kumachitika kumayambiriro kwa chaka. Pakati pa chaka timangokhala ndi msika waung'ono.

Ndawerenga kuti timu yanga "ikufuna" wosewera wina. Ndiye kuti akubwera?

Ayi ndithu. Kufuna ndi poyambira chabe, ndipo timu yaikulu imakhala ndi mayina angapo pa malo amodzi. Kuti wosewera afike povala yunifolomu, zinthu zimayenda motere.

Oyang'ana luso amamuonera masewero ambiri n'kulemba malipoti. Akuluakulu a timu amafunsa ejenti wake mwakachetechete ngati angalole kusamuka ndiponso malipiro amene angafune. Kenako timu yogula imatumiza kalata ya mtengo kwa eni ake a wosewerayo. Mtengo woyamba nthawi zambiri umakanidwa. Matimu awiriwo akamvana, timu yogula imapatsidwa chilolezo chomalizitsa zokambirana ndi wosewerayo pa malipiro, mabonasi ndi kutalika kwa kontrakiti. Zikatero amapimidwa ndi madokotala: mtima, mawondo, akakolo, minofu ndi mbiri ya kuvulala kwake. Akasaina, mapepala amapita ku ligi. Ngati akuchokera dziko lina, matimu onse awiri amalowetsa mfundo zofanana mu kompyuta ya FIFA yotchedwa TMS, ndipo bungwe la mpira la dziko limene akuchoka limatulutsa chikalata chomumasula, ITC. Popanda chikalatachi sangalowe m'bwalo.

Mukawerenga nkhani, dzifunseni kuti ili pa sitepe iti. "Akumuyang'ana" ndi nkhani yopepuka. "Atumiza mtengo" yayamba kulemera. "Wapita kukapimidwa" ndiye kuti yatsala pang'ono.

Mphekesera zimenezi zimachokera kuti, ndipo tikhulupirire ndani?

Zambiri zimatulutsidwa dala ndi munthu amene apindule nazo. Ejenti amene akufuna kuti wosewera wake akwezedwe malipiro amanong'oneza mtolankhani kuti matimu atatu akumulimbirana. Timu yogulitsa imafalitsa kuti pali wina amene wabwera ndi ndalama zambiri, kuti wogula weniweniyo afulumire. Timu yogula nayo imatchula dzina lachiwiri pofuna kusonyeza kuti siikakamira munthu mmodzi. Palinso masamba a pa intaneti amene amadya ndi chiwerengero cha anthu otsegula nkhani zawo. Amenewa dzina la Mbappé kapena la Osimhen amalilumikiza ku timu iliyonse imene ili ndi ochemerera ambiri.

Choyamba onani amene anayambitsa nkhaniyo. Masamba khumi akalemba chinthu chimodzi koma onse akuloza nyuzipepala imodzi ya ku Spain kapena ku Turkey, gwero ndi limodzi basi. Atolankhani monga David Ornstein wa The Athletic ndi Fabrizio Romano amadziwika chifukwa amalankhula ndi anthu amene ali mkati mwa zokambirana, ndipo BBC kawirikawiri imadikira kutsimikiza isanalembe. Komabe chenjerani ndi maakaunti onamizira mayina awo pa X ndi pa Facebook. Chithunzi cha uthenga chimene wina watumiza pa WhatsApp si umboni, chifukwa kuchipanga sikutenga ngakhale mphindi zisanu. Tsegulani tsamba la mtolankhaniyo kapena la timuyo muone ngati uthengawo ulipodi.

Ngakhale nyuzipepala zazikulu zimapusitsidwa. Mu 2009 The Times ya ku London inaika Masal Bugduv wa ku Moldova pa mndandanda wa achinyamata aluso 50, pamene munthuyo kunalibe. Anachita kumupeka pa intaneti.

Matimu agwirizana kale. Chingalepheretse n'chiyani tsopano?

Zambiri. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Choyamba ndi madokotala. Mu 2000 Manchester United inali itamvana ndi PSV za Ruud van Nistelrooy, koma bondo lake linadetsa nkhawa, ndipo patangopita masiku ochepa linavulaliratu pa maphunziro. Anafika ku Old Trafford patatha chaka, mu 2001. Nthawi zina zotsatira za kupimako sizithetsa malonda koma zimatsitsa mtengo, kapena timu yogula imati ndalama zina idzapereka wosewerayo akasewera masewero akutiakuti.

Chachiwiri ndi kulandidwa. Mu 2013 Willian anapimidwa ku Tottenham koma anakasaina ku Chelsea. Mu 2018 ochemerera Roma anali kudikira Malcom pa bwalo la ndege, iye n'kupita ku Barcelona.

Chachitatu, chopweteka kwambiri, ndi mapepala. Pa 31 Ogasiti 2015 David de Gea analephera kupita ku Real Madrid chifukwa mapepala sanalowe nthawi yake. Mu 2017 Leicester City inachedwa ndi masekondi 14 polembetsa Adrien Silva, ndipo anakhala osasewera mpaka Januwale 2018. Ngakhale Benjani Mwaruwari, mwana wa ku Bulawayo wa makolo ochokera ku Malawi, kusamuka kwake kuchoka ku Portsmouth kupita ku Manchester City kunatsala pang'ono kufa pa tsiku lotseka msika mu Januwale 2008. Kunavomerezedwa patapita masiku angapo, ndipo pa masewero ake oyamba anamwetsa chigoli pa Old Trafford, City n'kupambana 2-1.

Mu Premier League muli pepala lapadera limene matimu amatumiza nthawi itatsala pang'ono kutha, losonyeza kuti amvana. Limawapatsa maola awiri owonjezera omalizira mapepala. N'chifukwa chake mumamva kuti wina wasaina msika utatsekedwa kale.

Mtengo umene amalemba m'nyuzipepala ndi umenewodi?

Kawirikawiri ndi mtengo wa pamwamba, wophatikiza ndalama zimene mwina sizidzaperekedwa. Florian Wirtz anapita ku Liverpool mu 2025 pa £100 miliyoni, ndi £16 miliyoni ina yowonjezera imene idzadalire mmene zinthu zidzayendere. Timu yogulitsa imakonda kutchula 116, yogula imatchula 100. Ndalama zowonjezerazo zina ndi zosavuta kuzifikira, monga wosewera kukwanitsa masewero 50. Zina ndi zovuta, monga kutenga chikho cha Champions League.

Ndalamazo siziperekedwanso tsiku limodzi. Zimagawidwa pa zaka zitatu, zinayi kapena zisanu, choncho timu imene ikuoneka ngati sinagule aliyense chaka chino ikhoza kukhala ikulipirabe osewera a zaka ziwiri zapitazo. Pamwamba pake pali gawo la ejenti, ndalama ya wosewera yosainira, ndiponso nthawi zina gawo la timu yakale imene inalembetsa kuti idzalandire 10 kapena 20 peresenti akadzagulitsidwanso. Ziwerengero za pa Transfermarkt, zimene anthu amakanganirana kwambiri, ndi zongoyerekeza za anthu a pa tsambalo. Si mtengo umene eni timu anaika.

Timu yathu ndi yolemera. Bwanji osangogula basi?

Funso limeneli ndi limene limakwiyitsa anthu kwambiri, ndipo yankho lake lili m'mabuku a ndalama. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Timu ikagula wosewera pa £50 miliyoni n'kumupatsa kontrakiti ya zaka 5, m'mabuku salemba 50 yonseyo chaka chimodzi. Amalemba £10 miliyoni chaka chilichonse. Ngati amalandira £150,000 pa sabata, pa chaka ndi £7.8 miliyoni. Choncho wosewerayo amadya £17.8 miliyoni pa chaka. Pakatha zaka ziwiri, mtengo wake wotsala m'mabuku ndi £30 miliyoni. Akagulitsidwa pa 35, timu yapindula 5. Akagulitsidwa pa 25, yaluza 5. Apa ndi pamene pagona chifukwa chimene wosewera wogulidwa modula amene walephera amavutira kumuchotsa: palibe wofuna kupereka mtengo wotsalawo, ndipo palibe wofuna kumulipira malipiro amene anazolowera.

Kugulitsa kumalembedwa mosiyana. Phindu lonse limalowa chaka chomwecho. Mwana wokulira mu akademi ya timuyo alibe mtengo m'mabuku, ndiye akagulitsidwa pa £30 miliyoni, yonseyo ndi phindu. N'zomvetsa chisoni, koma ndi chifukwa chake matimu amagulitsa ana awoawo amene ochemerera amawakonda, makamaka 30 Juni akamayandikira, tsiku limene matimu ambiri amatseka mabuku a chaka.

Chelsea inapezerapo njira popereka makontrakiti aatali, monga zaka zisanu ndi zitatu ndi theka kwa Enzo Fernández mu Januwale 2023, kuti mtengo ugawidwe pa zaka zambiri. Chaka chomwecho UEFA, kenako Premier League, inalamula kuti kugawako kusapitirire zaka 5. Chilango cha kuwononga mopyola chilipodi: pansi pa lamulo loletsa kuluza zoposa £105 miliyoni pa zaka zitatu, Everton inalandidwa mapointi 8 ndipo Nottingham Forest 4 mu sizoni ya 2023/24. Matimu osewera zikho za UEFA saloledwanso kuti malipiro, mitengo ya osewera ndi ndalama za maejenti zipitirire 70 peresenti ya zimene amapeza.

Palinso malire a anthu. Mu Premier League timu imalembetsa osewera akuluakulu 25, ndipo osapitirira 17 ndi amene angakhale oti sanakulire ku England kapena ku Wales. Mukamva kuti "ayambe agulitsa", nthawi zambiri ndi zoona.

Nanga wosewera amene kontrakiti yake yatha, si waulere?

Kuyambira pa chigamulo cha mlandu wa Jean-Marc Bosman mu Disembala 1995, wosewera wotere amachoka popanda timu yake kulandira mtengo, ndipo malamulo a FIFA amamulola kumvana ndi timu ina kontrakiti ikatsala ndi miyezi 6. Koma ndalama imene ikanapita ku timu yakale imapita kwa iye ndi ejenti wake. Wolandira £300,000 pa sabata amadya £15.6 miliyoni pa chaka, osawerengera yosainira, ndipo ngati ali ndi zaka 31 simudzamugulitsanso.

Mphekesera ya wosewera amene watsala ndi chaka chimodzi pa kontrakiti muziitenga mozama. Eni ake amadziwa kuti akapanda kumugulitsa tsopano adzachoka chabe.

Timamva za mtengo wolembedwa mu kontrakiti. Umagwira ntchito bwanji?

Ndi ndalama imene ikaperekedwa, eni timu sangakanenso. PSG inatenga Neymar ku Barcelona mu 2017 popereka €222 miliyoni mwa njira imeneyi, ndipo Manchester City inapeza Erling Haaland mu 2022 pa €60 miliyoni yokha. Ku Spain pafupifupi kontrakiti iliyonse imakhala ndi mtengo wotere. Ku England si onse. Vuto lake n'lakuti nthawi zambiri umafunika wonse pakamodzi, ndipo ina imagwira ntchito pa masiku owerengeka okha kapena kwa matimu akunja okha. Mawu ake amafunikanso kuwerengedwa bwino. Mu 2013 Arsenal inapereka £40 miliyoni ndi paundi imodzi pofuna Luis Suárez, Liverpool n'kukana.

Kubwereka wosewera pa ngongole ndi kwabwino kapena ndi chizindikiro cha umphawi?

Zimatengera mawu ake. Ngongole wamba: wosewera amabwerera kwawo sizoni ikatha. Ngongole yokhala ndi mwayi wogula: mukamukonda mumagula pa mtengo umene munamvana kale. Ngongole yokakamiza kugula: kumeneko ndi kugula kumene, kungoti malipiro akankhidwira chaka chamawa. Funsaninso kuti malipiro ake akupereka ndani, chifukwa nthawi zambiri amagawana. Mu Premier League wobwerekedwa saloledwa kusewera ndi timu imene inamubwereketsa.

Tingadziwe bwanji ngati wosewera amene akutchulidwayo angatithandize?

Yambani ndi timu yanu, osati ndi dzina lake. Sizoni yatha munagwa pati? Ngati munamwetsedwa zigoli zambiri pa makona, womwetsa zigoli wa £80 miliyoni sathetsa vutolo. Ngati goloboyi wanu satha kupatsira ndi mwendo pamene mphunzitsi akufuna kuyambira kumbuyo, ndi pamenepo pofunika ndalama.

Vidiyo ya mphindi zisanu ya pa YouTube imaonetsa zimene munthu anachita bwino pa chaka chonse, osaonetsa mmene amayendera mpira ukalandidwa. Ngati deta ikulola, onerani masewero athunthu awiri kapena atatu, limodzi likhale limene timu yake inagonja. Pa ziwerengero, chotsani mapenate pa zigoli zake, kenako muwerenge zigoli pa mphindi 90 zilizonse zimene anasewera. Onani masewero amene anaphonya chifukwa chovulala pa zaka zitatu zapitazi. Nyama ya kuseri kwa ntchafu imene yang'ambika kawiri imakonda kung'ambikanso. Onani ligi imene akuchokera. Afonso Alves anamwetsa zigoli 34 ku Heerenveen mu 2006/07, koma ku Middlesbrough zinamukanika, pamene Suárez, wochokera mu ligi yomweyo ya ku Netherlands, anachita zodabwitsa ku Liverpool. Kusiyana kwake kumaoneka pa mtundu wa zigoli: kodi amadzipangira yekha mpata, kapena amadikira kuti otchinga kumbuyo alakwitse?

Pa osewera a mu Africa, kumbukirani AFCON. Ya 2025 ku Morocco inachitika kuyambira pa 21 Disembala mpaka pa 18 Januwale, nthawi imene ku England masewero amathithikana. Ife sitiona ichi ngati chifukwa chokanira wosewera wabwino, koma timu imene ili ndi atatu otere pa malo ofanana iyenera kukonzekera.

Bwanji matimu a ku England sabwera kudzagula pa Rufaro?

Chotchinga chachikulu ndi chilolezo cha ntchito. Kuyambira mu 2021 wosewera aliyense wakunja amafunika kuvomerezedwa ndi FA, bungwe la mpira la ku England. Amadutsa mosavuta ngati timu ya dziko lake ili m'gulu la 50 apamwamba pa mndandanda wa FIFA ndipo amaisewerera kawirikawiri. Warriors ndi Flames zili kunja kwa gululi, choncho mnyamata wathu amafunika kusonkhanitsa mapointi 15 kuchokera ku mphamvu ya ligi imene akusewera, mphindi zake m'bwalo ndi zikho za makalabu. Ligi ya kuno siipereka mapointi okwanira. Mu 2023 anatsegulako kakhomo kolola matimu kutenga osewera ochepa osafika mapointiwo, koma malo ake ndi owerengeka.

Onani njira imene anadutsa amene anafika. Marvelous Nakamba anachoka ku Bantu Rovers kupita ku Nancy, Vitesse ndi Club Brugge asanafike ku Aston Villa mu 2019. Marshall Munetsi anadzera ku Orlando Pirates ndi Reims asanapite ku Wolves mu 2025. Masiku a Peter Ndlovu, amene anachoka ku Highlanders molunjika kupita ku Coventry City mu 1991, anali ena. Choncho mphekesera yakuti mnyamata wa mu ligi yathu akufunidwa ku South Africa, Tanzania, Sweden kapena Belgium ndi yomveka. Yakuti akupita ku Arsenal mwezi wamawa muziikayikira.

Za mphekesera za matimu a kuno, tiziyang'ana chiyani?

Zinthu zitatu. Kuona wosewera akuchita maphunziro ndi timu sikutanthauza kuti wasaina. Ambiri amakhala akuyesedwa. Kusaina nakonso si kulembetsedwa: amafunika kalata yomumasula ku timu yakale, ndipo wochokera kunja, kaya ku Blantyre kapena ku Lusaka, amafunika ITC ndi chilolezo cha ntchito. Chachitatu ndi ngongole za timu. Timu imene yalephera kulipira wosewera kapena mphunzitsi wakale, iye n'kukadandaula ku FIFA, ikhoza kuletsedwa kulembetsa osewera atsopano mpaka italipira.

Julayi ndi mwezi woopsa kwa ife. Ligi ya ku South Africa imayamba mu Ogasiti, ndiye msika wawo waukulu umagwera pakati pa sizoni yathu. Womwetsa zigoli wanu akayamba bwino mu Malichi, pofika Julayi mayina a matimu a kumeneko amayamba kumveka, ndipo timu imene inali pamwamba imatha kutsetsereka.

Njira ya pakati pa Malawi ndi Zimbabwe si yachilendo. Joseph Kamwendo anasewera ku CAPS United n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya kuno mu 2005. Kalisto Pasuwa, amene anatenga ligi kanayi motsatizana ndi Dynamos kuyambira 2011 mpaka 2014, anakapitiriza kutenga zikho ndi Big Bullets.

Wosewera akagulitsidwa kunja, akademi imene inamulera imapezapo kanthu?

Inde. Pa mtengo wa wosewera wosamukira dziko lina, 5 peresenti imagawidwa kwa matimu amene anamuphunzitsa kuyambira zaka 12 mpaka 23. Chaka chilichonse cha 12 mpaka 15 chimalandira 5 peresenti ya gawolo, cha 16 mpaka 23 chimalandira 10 peresenti. Wosewera akagulidwa pa $2 miliyoni, gawolo ndi $100,000, ndipo akademi imene inali naye zaka zinayi, 16 mpaka 19, ilandira $40,000. Zimenezi zimabwerezedwa akagulitsidwanso. Koma ndalamayi imatsata zolembedwa. Ngati mwanayo sanalembetsedwe ku ZIFA m'dzina la akademiyo, palibe chimene ingalandire ngakhale Mbare yonse ikudziwa amene anamulera.

Munthu wina wati apititsa mwana wanga kukayesedwa ku Ulaya tikapereka ndalama. Tipereke?

Musapereke, bambo ndi mayi. Timu imene ikufunadi mwana imatumiza kalata yoitana ndipo kawirikawiri imalipira ulendo ndi malo ogona. Pezani nambala kapena imelo pa tsamba lenileni la timuyo, osati imene ili pa kalatayo, mufunse ngati akumudziwa munthuyo. Ejenti woona amakhala ndi laisensi ya FIFA, ndipo dzina lake mukhoza kulifufuza pa tsamba la FIFA kapena kufunsa ku ZIFA. Sangamvane ndi mwana wosakwana zaka 18 popanda kholo kusaina.

Dziwaninso kuti FIFA imaletsa kusamutsira kunja mwana wosafika zaka 18, kupatula pa zifukwa zochepa, monga makolo kusamuka pa nkhani zosakhudza mpira. Barcelona ndi Chelsea zinaletsedwapo kugula osewera chifukwa chophwanya lamuloli. Amene akulonjeza kuti mwana wa zaka 15 akasaina ku Spain akunama.

Chimene mungachite panopa ndi kukonza mapepala. M'mabanja ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, chikalata cha kubadwa, chitupa ndi pasipoti zimavuta kapena zimasiyana kalembedwe ka dzina ndi tsiku lobadwa. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amati munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, ndipo iye ankakhala muno, ndi nzika yobadwa. Pitani ku ofesi ya kalembera mwana akadali wamng'ono, muonetsetse kuti dzina ndi tsiku lobadwa n'zofanana pa mapepala onse ndi pa khadi lake la ku ZIFA, ndipo ngati padzafunike kusaina kontrakiti, ipititseni kaye kwa loya kapena ku Footballers Union of Zimbabwe aiwerenge. Kontrakiti ya mwana wosakwana zaka 18 siiloledwa kupitirira zaka zitatu.